Musanagule ma 33 a Hilux kapena Ranger yanu, tiyeni tikambirane kaye

Ma twin cab ovala matayala akuluakulu achuluka mu Blantyre muno, ukayenda mu Chipembere Highway kuchokera ku Limbe mpaka mtauni sungalephere kukumana ndi Hilux kapena Ranger itakwezedwa, marimu akuda bii, matayala otuluka kunja kwa bodi akulira vuuu pa tara. Kukongola zimakongoladi, ine sindikana. Koma anzanga ambiri amene amandifunsa za nkhaniyi funso lawo limakhala limodzi lomwelo, akuti aise ndikweze mainchi angati kuti ma 33 alowe? Ma 33 amenewa ndi matayala otalika pafupifupi mainchi 33. Funso limeneli ndi limene limandidetsa nkhawa, chifukwa likusonyeza kuti munthuyo anauzidwa kale kuti ukakweza galimoto ndiye kuti tayala lapeza malo. Pa magalimoto athu a masiku anowa sizili choncho ayi.

Nkhani yonse yagona pa mmene kutsogolo kwa galimoto kunapangidwira. Ma Hilux akale aja, amene anabwera kuno isanafike 1997, komanso Land Cruiser 79 ndi anzake amene timawaona ndi mabungwe komanso ngati ma ambulansi kumidzi, kutsogolo ali ndi ekiselo imodzi yachitsulo yochoka tayala ili kufika tayala linalo, difu ili momwemo. Galimoto yotere ukaika masipuling'i ataliatali ndi mashoko ake, ekiselo yonse imatsika pamodzi ndi difu, zitsulo zotembenuza matayala zili mkati mwake sizidziwa n'komwe kuti china chasintha. Nzeru zambiri zimene amakaniki athu achikulire ali nazo za kukweza galimoto anaziphunzira pa magalimoto amenewa, ndipo pamenepo zimagwiradi.

Koma Hilux yoyambira 2005 ija timati Vigo, GD6 yomwe inabwera pambuyo pake, Ranger T6, D-Max, Navara, Triton, onsewa kutsogolo ndi independent, ena amangoti IFS. Difu yakutsogolo inamangidwa ku chasisi, siyenda. Tayala lililonse lili pa mikono yake iwiri, control arm yapamwamba ndi yapansi, ndiye mphamvu imachoka pa difu kupita ku tayala kudzera pa shafiti yokhala ndi CV joint uku ndi uku, mfundo yolola shafiti kupendekeka uku ikuzungulira. Tayalalo lili ndi malire ake pokwera ndi potsika, pamwamba limakaima pa kamphira kaja ka bump stop, pansi limakaima pomwe shoko kapena mkono wathera. Mukaika lift, kaya ndi spacer pamwamba pa shoko kaya ndi sipuling'i yolimba, malire apamwamba aja simunawasunthe, mwangosintha pamene galimoto imakhala ikaima. Nde ikaima pa car wash ioneka kuti malo alipo ambiri pakati pa tayala ndi bodi, koma mukamenya dzenje mumsewu wa ku Machinjiri chiwongolero mutakhotetsa, tayala likwera kukafika pomwe linkafika kale lomwe, ndipo ngati ndi lalikulu likagunda basi. Lift imachepetsa kukhula kwa tsiku ndi tsiku pa tara, zimenezo nzoona, koma siimapanga malo.

Tsopano manambala pang'ono, pepani amene masamu simuwakonda koma apa ndi pamene munthu amaona chimene akugula. Ma Hilux ndi ma Ranger ambiri a marimu a 17 amabwera ndi 265/65R17. 265 ndi kufutukuka kwa tayala m'mamilimita, 65 ndi kutalika kwa khoma lam'mbali ngati peresenti ya 265 ija, 17 ndi rimu m'mainchi. Mukawerengera, tayala lonse kutalika kwake ndi mamilimita 776. Limene anthu amati 33 nthawi zambiri ndi 285/70R17, lomwe ndi mamilimita 831. Kusiyana ndi 55, koma galimoto imakwera ndi theka chabe la zimenezo chifukwa theka linalo lili pamwamba pa habu. Ndiye ndalama zonse zija, kudula zitsulo konse kuja, mwapeza mamilimita 27, osakwana olo masentimita atatu. Pakati pa awiriwa pali 265/70R17, mamilimita 803, limene limakupatsani theka la phindu limenelo ndipo pa magalimoto ambiri limalowa pa marimu a fakitale popanda kudula chitsulo, mwina kungochotsa mud flap kapena kukankha pulasitiki yamkati.

Sindikunyoza mamilimita 27 amenewo. Difu yakumbuyo, imene imakhala yoyamba kukwecha pansi mukalowa m'mikwasa yakuya yomwe malole a nzimbe kapena mathirakitala asiya, palibe lift imene ingaikweze, tayala lokha ndi limene limaikweza. Ndiye amene amati matayala akulu ndi zokongoletsa chabe akulakwa. Chimene ndikunena nchakuti pa IFS mtengo wa mamilimita amenewo ndi waukulu, ndipo sumalipira tsiku logula lokha.

Malo amene tayala limakhula amadziwika. Poyamba mud flap ndi pulasitiki yamkati mwa madigadi, izi nzosavuta, mumachotsa kapena kutenthetsa ndi kukankha. Kenako pamwamba, khoma la tayala limayandikira control arm yapamwamba ngati tayala ndi lofutukuka koma rimu ndi ya fakitale. Koma vuto lenileni, makamaka pa Hilux, ndi body mount, chitsulo chotuluka pa chasisi kuseri kwa tayala lakutsogolo pamene kabu inakhalapo. Mukafuna kudziwa ngati galimoto ya mnzanu imakhula, musamufunse, gwadani muone chitsulo chimenecho. Pamene tayala limagunda penti imachoka, pamakhala pong'anima ngati apolisha, ndipo mukayendetsa dzanja m'mphepete mwa tayala mumva timano take tina tili tobenthuka. Ambiri amati yanga siikhula chifukwa amayesa galimoto ili pamalo osalala. Muyeso weniweni ndi kukhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto, kuika rivesi, tayala limodzi lakutsogolo likwere pa chulu kapena pa mtumbira, ndipo muyese mbali zonse ziwiri.

Mankhwala ake ndi kudula ngodya ya body mount ija n'kuwotcherera chitsulo china chotseka, zimene kunja amati body mount chop. Owotcherera aluso tili nawo, ku Ndirande kuli anthu oti akhoza kukupangirani chilichonse ndi chitsulo. Koma chonde kumbukirani kuti chitsulo chimenechi ndi chimene chagwira kabu yomwe mwakhalamo inu ndi ana anu. Kudula ndi gulayinda n'kusiya pakamwa pali yasa, kapena kutseka ndi kalata kopyapyala, ndi kusewera ndi moyo. Pafunika chitsulo chokhuthala mofanana ndi chimene chadulidwacho, kuwotcherera kuzungulira konse, kenako penti, apo ayi dzinja limodzi dzimbiri layamba. Ndipo ngati galimoto ikadali pa warranty kapena ili ndi inshuwalansi ya comprehensive, afunseni kaye eni ake musanadule, musadzamve zina tsiku la ngozi.

Pa marimu ndi pamene anthu ambiri amapwetekera. Marimu onse a mabawuti 6 safanana. Hilux, Ranger ndi D-Max mabowo ake ndi 6x139.7, koma Navara D40 ndi 6x114.3. Bowo lapakati la Hilux ndi mamilimita 106 pamene la Ranger ndi 93, nde rimu ya Ranger siilowa pa habu ya Hilux, ya Hilux pa Ranger ilowa koma pakati pakhala mpata. Kenako pali offset, nambala imene imanena kuti rimu yalowa mkati kapena yatuluka kunja motani. Ya fakitale pa Hilux ya 17 imakhala cha m'ma +30, pa Ranger T6 ndi +55. Marimu okongola amene amabwera kuchokera ku Joni kapena ku Dubai ambiri ndi 0, -12, ena mpaka -44, ndipo wogulitsa akuuzani kuti bwana awa ndiye abwino chifukwa tayala lithawa control arm. Pamenepo sakunama, koma sakukuuzani kuti tayala likatuluka kunja, pokhota limazungulira bwalo lalikulu, ndiye likagunda body mount ndi bampala kuposa kale. Komanso bering'i ya habu imavutika. Zili ngati kunyamula ndowa yodzaza madzi mkono utautambasula m'malo moigwira pafupi ndi mwendo, madzi ndi omwewo koma phewa ndi limene limamva. Bering'i, ball joint, ma rack end, zonse zimayamba kutha msanga, chiwongolero chimakutsomphola m'manja ukagunda mwala. Ndipo tayala lotuluka kunja kwa madigadi limaponya matope ndi timiyala pa zitseko zanu, pa galasi la amene ali kumbuyo, komanso pa anthu a kabaza ndi amayi oyenda m'mbali mwa msewu wa ku Chirimba kapena ku Bangwe omwe sanalakwe kanthu. Izi zokha ine zimandikwana kukana offset yopitirira muyezo. Ma wheel spacer otchipa osadziwika kochokera ndiye musayandikire n'komwe.

Tibwerere ku CV, chifukwa ndi imene imasiya anthu kutchire. Galimoto ili pa msinkhu wa fakitale shafiti ija imakhala pafupifupi yowongoka. Mukakweza, difu imakwera pamodzi ndi chasisi, tayala latsala pansi, shafiti yapendekeka. Ndipo magalimoto ambiri atsopanowa alibe ma free wheel hub aja tinkatsika n'kukatembenuza pamanja, kutanthauza kuti mashafiti amazungulira nthawi zonse olo muli pa 2H, 4x4 musanaike, mukungopita ku ntchito. Choyamba kugonja ndi boot, mphira wopindikapindika uja, mapindi ake amayamba kukhudzana n'kudyana mpaka kung'ambika. Chizindikiro chake ndi girisi wakuda womwazika mkati mwa rimu ndi pa control arm, fumbi litakakamirapo. Boot ikang'ambika girisi atuluka, mchenga ndi madzi zilowa, posakhalitsa mumva khekhekhe pokhota. Ichi nchifukwa chake amene amadziwa za IFS amati lift isapitirire mamilimita 50, mainchi awiri. Kupitirira apo mukufunika diff drop yotsitsa difu pang'ono, komanso ma control arm apamwamba ena, chifukwa ball joint ya fakitale imafika pamapeto pake tayala likatsika, ndipo caster, kupendekeka kwa mzere umene tayala limakhoterapo mukaliona cham'mbali, imathawa moti alignment siithekanso bwino.

Kuthyoka kwenikweni kumachitika m'matope. IFS siitambasuka kwambiri, ndiye pamalo okumbika tayala limodzi lakutsogolo limanyamuka m'mwamba msanga. Dalaivala waika 4L, giya yotsika ya 4x4, waponda moto, tayala lili m'malerelo likuzungulira mwaliwiro, kenako galimoto yasuntha pang'ono tayala lija latera pa nthaka yolimba n'kugwira mwadzidzidzi. Mphamvu yonse ija imakathera pa CV yomwe ili yopendekeka kale, ndipo tayala likakhala lalikulu ndi lolemera kumenyako kumakulanso. Mnzanga wina amene amagula mbewu ku chigwa cha Shire zinamuchitikira kutsidya kwa East Bank nthawi ya mvula, m'dothi la makande lija loti likanyowa limamata tayala lonse. Hilux yake inali pa ma mud terrain, matayala a mano akuluakulu a m'matope, a 285, spacer kutsogolo. Akuti anangomva phwaa kamodzi, kenako kutsogolo kulibenso mphamvu, katundu ali pamwamba, kunja kukuda. Anthu a m'mudzi ndi amene anamukankha, ndipo shafiti ina anachita kuitumiza kuchokera ku Blantyre pa minibasi. Munthu ameneyu amayendetsa bwino, si wa masewera, kungoti galimoto inali itapatsidwa ntchito yoposa zitsulo zake.

Amene muli ndi Isuzu KB yakale, Hardbody, kapena Hilux ya pakati pa 1997 ndi 2005, kutsogolo kwanu kuli ma torsion bar, ndipo makaniko aliyense akuuzani kuti madala iyi timangomanga bawuti, ikwera yokha ulere. Imakweradi. Koma mulimonse mmene yakwerera ndi mmenenso tayala lataya mpata wotsikira, nde pa mahampu ndi pa msewu wa malata galimoto imangodumpha, mkono wapamwamba ukumenya pa stop yake gu gu gu. Kumanga pang'ono kuti mubwezeretse msinkhu umene unatsika ndi ukalamba kapena ndi kulemera kwa bull bar, palibe vuto. Kumanga mpaka ulusi wa bawuti kutha ndiye ayi.

China chimene ndimafuna anthu a kuno atachiganizira kwambiri ndi mabuleki. Blantyre ndi mzinda wa mapiri, ndipo amene timatsikira ku Chikwawa tikudziwa mmene chitunda chija chilili kukafika pa Thabwa, makona okhaokha kutsetsereka osaleka. Tayala la 285/70R17 ndi lalitali ndi 7 peresenti kuposa la fakitale, ndipo ngati ndi mud terrain ya LT, ya khoma lokhuthala yonyamulira katundu, likhoza kulemera makilo pafupifupi 10 kuposa limene munachotsa, tayala limodzi limenelo. Mabuleki ndi omwe aja, ndipo ma twin cab ambiri kumbuyo akadali a drum. Ndiye buleki ikugwira chinthu chachitali komanso cholemera, pamene injini nayo siikugwiranso galimoto mmene inkagwirira mukaika giya yotsika chifukwa magiya onse atalika ndi 7 peresenti yomweyo. Onjezani matumba a simenti kumbuyo, mufika pansi mabuleki akununkha. Pobwerera ndiye 2.5 D-4D kapena Ranger ya 2.2 imachita kulira, pomwe munkakwera ndi giya 3 mukufuna 2, kilatchi ikuvutika ponyamuka pa chitunda, ya automatic imangosinthasintha magiya osakhazikika. Mafuta nawo amapita, ndipo tonse tikudziwa mmene mizere ya dizilo yatizunzira zaka zapitazi.

Sipidomita nayo imayamba kunama. Liwiro limene kale linkaoneka 100, tsopano singano ikaloza pomwepo mukuthamanga 7 peresenti kuposa apo, nde musadabwe a traffic akakuimitsani pa msewu wa ku Zalewa inu mukulumbira kuti munali mu malire. Makilomita owerengedwa nawo amachepa, kutanthauza kuti sevisi muzichita mochedwa osadziwa, ndipo mukamawerengera mafuta muziwonjezerapo kaye peresenti imeneyo.

Sipeya anthu amaiwala. Matayala ndi asanu osati anayi. Pansi pa bodi kumbuyo malo ndi ochepa, 33 pa magalimoto ena salowa, makamaka ngati pali tow bar, nde munthu amangosiya sipeya yakale ya 265/65. Tsiku loti waponcha ali kumudzi aika tayala laling'ono mbali imodzi, ndipo akaika 4x4 pa nthaka yolimba matayala osiyana msinkhu amakokana, transfer case, bokosi logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo, ndi difu ndi zimene zimalipira. Komanso taganizirani komwe mukalipeze tayala lina likang'ambika khoma. Saizi wamba ngati 265/65R17 kapena 245/70R16 mukhoza kuipeza olo ya kaunjika m'matauni ang'onoang'ono, koma 285 yofanana ndi yanu mwina muchita kudikira munthu wochokera ku Joni adutse pa Mwanza. Chichokereni pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera mutu, ndipo matayala onsewa ndi ochokera kunja. Mukakakamizika kugula a kaunjika, onani manambala anayi omaliza pa mzere wolembedwa DOT, awiri oyamba ndi sabata, awiri enawo ndi chaka, 2319 ndiye kuti sabata ya 23 mu 2019. Mano akhoza kuoneka atsopano mphira utakalamba kale.

Nde ine munthu akandifunsa ndimamuuza chiyani? Ndimayamba ndafunsa kumene amapita. Ngati ndi mtauni, kumudzi ku Thyolo kapena ku Phalombe pa weekend, ku Majete kapena ku nyanja mwa apo ndi apo, all terrain, tayala la pa tara ndi pa fumbi pomwe, yabwino ya 265/70R17, kapena 265/75R16 kwa a marimu a 16, pa marimu a fakitale omwewo, yakwana ndipo yatsala. Sankhani ya khoma lolimba, chifukwa m'misewu yathu chimene chimapha tayala ndi mwala wakuthwa m'mbali, osati kuchepa kwa msinkhu. Kwa amene amalowadi m'matope a ku Neno kapena ku chigwa, saizi imene ndimaikonda ine ndi 235/85R16, yaitali mamilimita 806 koma yowonda, moti pokhota siifika pa body mount msanga, siilemera ngati 285, ndipo m'matope okhala ndi nthaka yolimba pansi imadula n'kukagwira. Siioneka yaukali pa chithunzi koma ntchito imagwira, bola muyese kaye ngati rimu ya 16 ikudutsa bwino pa caliper ya galimoto yanu. Mud terrain ganizirani kawiri ngati masiku ambiri muli pa tara, chifukwa pa tara yonyowa, ngati nthawi ya chiperoni ija kamvula kowaza kakusakanikirana ndi fumbi ndi oyilo pamsewu, imatenga mtunda wautali kuti iime kusiyana ndi all terrain.

Ndipo pali chinthu chotchipa chimene chimaposa saizi: mpweya. Tayala lomwelo mukaliphwetsa kufika cha m'ma 1.5 bar musanalowe mumchenga kapena m'matope, limagona pansi motalika n'kugwira mosiyana kwambiri ndi mmene linalili pa 2.4. Gulani geji yanuyanu ndi kakompulesa ka pa batire kuti mukabwerera pa tara mupope, chifukwa kuthamanga ndi tayala lophwa kumalitenthetsa mpaka kuphulika.

Ngati mtima wanu uli pa ma 33 ndithu, chitani, galimoto ndi yanu, koma muchite zonse osati theka. Musayambe ndi kugula matayala asanu, bwerekani limodzi la saizi imeneyo pa rimu imene mukufuna, mulimange kutsogolo muyese monga ndanena muja. Lift ikhale ya mashoko ndi masipuling'i opangidwira galimoto yanuyo, isadutse mamilimita 50, offset ikhale yapafupi ndi ya fakitale mmene zingathekere, body mount idulidwe ndi munthu amene mwaona ntchito yake ndi maso. Mabushi, ma ball joint ndi ma rack end otha asinthidwe kaye tayala lalikulu lisanakwere, mabuleki akhale atsopano ndi brake fluid yemwe. Pomaliza alignment ya pa kompyuta, ndipo musangowasiyira kiyi, muwauze kuti achimwene caster muikankhire kutsogolo mmene ingalolere, chifukwa pa Hilux zimenezi zimasunthira tayala kutali ndi body mount ndi mamilimita angapo omwe nthawi zina ndi amene amathetsa kukhula. Akupatseni pepala la manambala mulisunge. Mukayenda makilomita ngati 100 mumangenso manati a matayala onse, ndipo miyezi yoyambayo nthawi iliyonse mukatsukitsa galimoto muzisuzumira ma boot a CV onse anayi ngati sakutuluka girisi.